Sewero Lopanda Pepala m'Malokeshoni a Lilongwe

Gulu la zisudzo likafika pamsika wa Kawale kapena pabwalo la ku Chinsapo, silifuna holo kapena matikiti. Anyamata awiri amayamba kuomba ng'oma, atsikana n'kuyambitsa nyimbo, ana amathamangira kutsogolo, amayi a tomato amatembenuka, ndipo posakhalitsa bwalo lazungulira lokha. Kenaka wina wavala jekete lothina la bambo wa panyumba, wina wamanga chitenje ndi duku, mkangano wa m'banja wayamba. Palibe amene wagwira pepala. Woledzera wina mwa oonerera akaponya mawu, bambo wa m'seweroyo amamuyankha pomwepo osavula ubambo wakewo, anthu n'kufa nako kuseka.

Mlendo akaona zimenezi amagamula msanga kuti anawa akungoyankhula za m'mutu. Amene anachitako zisudzo za kusekondale amaganiza kuti analoweza kwambiri mpaka kulowezako sikukuoneka. Onse awiri aphonya. Pali zimene gululi linagwirizana dzulo pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi, ndipo pali zimene linasiyira dala anthu a pabwalo. Malire a ziwirizi ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imadutsa pa agogo a nthano, pa wailesi, pa boma la chipani chimodzi ndi pa mabungwe a masiku ano.

Funso la kukonzekera ndi kupeka pomwepo si la kwathu kokha. M'chaka cha 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons. Anthu angapo amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kutenga mbali ya munthu wongopeka: uyu msilikali, uyu wamatsenga, uyu mbala. Mmodzi amakhala woyendetsa. Iyeyo ndiye amafotokoza dziko limene alimo, amalankhulira anthu onse amene osewerawo akumana nawo, ndipo pakakhala chokayikitsa madayisi amaponyedwa kuti zidziwike ngati zatheka kapena ayi. Kuyambira nthawi imeneyo oyendetsa masewerawa akhala akutsutsana. Ena amagula mabuku a nkhani zokonzeratu, amajambula mapu, amalemba ndi dzina la mlonda wa pachipata lomwe. Ena amabwera ndi kapepala kamodzi kokha. Wokonzeratu zonse amawawidwa mtima osewera akakana kulowa pakhomo limene iye anathera sabata yonse akulikonza, ndiye amayamba kuwakankhira komweko. Wobwera chimanjamanja amasowa chonena, kapena amaiwala zimene ananena ulendo watha. Masewerawa sanafale ku Lilongwe monga afalira bawo ndi drafuti, koma aliyense amene anaimapo pakati pa bwalo ku Mgona, akutsogolera sewero pamaso pa anthu amene ali ndi ufulu wolilowerera, amaudziwa mkangano umenewu.

Mzinda usanabwere, chigwa cha Lilongwe chinali cha midzi ya Achewa, ndipo sukulu yoyamba ya luso limeneli inali nthano. Agogo akati "Padangokhala," ana amayankha "Tilitonse," ndipo yankho limenelo limabwerezedwa mpaka nthano ithe. Omvera akasiya kuyankha, wofotokoza amadziwa kuti wawataya. Nthano ya Kalulu aliyense amadziwa kumene ithere. Chosasintha ndi msana wa nkhani ndi nyimbo yake, imene ana amayembekezera kuti avomere. Zina zonse zili m'manja mwa agogo: mawu a Njovu, kayendedwe ka Fisi, kutalika kwa ulendo, dzina la dambo limene nyamazo zinakumana. Akaona mdzukulu akusinza amafupikitsa. Akadziwa kuti wina waba mtedza masana, Fisi wa usiku umenewo amabanso mtedza. Munthu sangachite zimenezi ngati nthanoyo sakuidziwa bwino lomwe, ndiponso ngati ana akewo sakuwadziwa mmodzimmodzi.

Masanje ndiwo amafanana kwambiri ndi masewera a patebulo aja. Akatha kukolola, ana amamanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi, n'kugawana mbali: iwe bambo, iwe mayi, iwe mwana, iwe mfumu, ndipo amene watsala opanda banja amakhala fisi wobera ena chakudya. Nthawi zambiri pamakhala mwana mmodzi wamkuluko amene amalamula kuti tsopano kwada, tsopano tambala walira. Palibe amene amauza mnzake mawu oti anene, komabe palibe amene amasochera, chifukwa malamulo a masanje ndi malamulo a mudzi umene anawo amauona tsiku ndi tsiku. M'malokeshoni masanje sanathe. Mapesi analowedwa m'malo ndi zitini ndi makatoni, ndipo pa mbali zija panawonjezekera landilodi, kondakitala wa minibasi ndi wapolisi wa pamsewu.

Za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ndipo mpaka lero amatuluka pamaliro ndi pazochitika zina m'madera ngati Chinsapo, ndingonena zimene maso a aliyense amaona pabwalo. Chilombo chilichonse chili ndi khalidwe lake lodziwika: Chadzunda si Maliya, Simoni si Kang'wingwi. Koma woomba mbalule maso ake amakhala pa mapazi a wovina, ndipo ng'oma imatsatira phazi pamene phazilo lasintha. Khalidwe n'lokhazikika, kavinidwe ka tsikulo n'katsopano.

Mzinda weniweniwo unabwera ndi pepala. Ganizo losamutsa likulu kuchoka ku Zomba linalengezedwa mu 1965. Mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, ngongole yoyambira ntchito inachokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko. Madera anapatsidwa manambala. Kawale, Biwi ndi Mchesi anali pafupi ndi tauni yakale. Area 25 anayalidwa kumpoto, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndipo m'madera otere munthu amapatsidwa puloti n'kumanga yekha monga mwa thumba lake. Koma anthu anachuluka kuposa mapu. Kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000 m'tauniyi. Wa 1977 anapeza pafupifupi 99,000. Wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Mgona ndi Chinsapo anakula kunja kwa mizere imene akatswiri anajambula. M'malo amenewa Mchewa wa ku Mitundu anakhala khomo loyandikana ndi Mlomwe wa ku Mulanje, Mtumbuka wa ku Rumphi ndi Myao wa ku Mangochi. Nthano za agogo a uyu sizinali za agogo a uyo. Panafunika nkhani zatsopano zimene onse akanaseka limodzi, ndipo nkhanizo zinali za lendi, ganyu, ngongole, mkazi wa kumudzi ndi wa m'tauni, ndi m'bale wobwera kudzacheza amene sakunena tsiku lobwerera.

Wailesi ndiyo inayamba kuwapatsa nkhani zoterozo. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, masewero a Chichewa anafika m'nyumba iliyonse imene munali wailesi ndi mabatire. Kapalepale, sewero limene limakumbukiridwa limodzi ndi dzina la a Smart Likhaya Mbewe, linkayenda pa nkhani imene ochita seweroli agwirizana, koma mawu ambiri ankatuluka pomwepo pa maikolofoni. N'chifukwa chake anthu a m'seweromo ankamveka ngati aneba, akudulana mawu ndi kubwereza zimene anena kale monga amachitira anthu amoyo. Pamajiga linkanena za moyo wa pantchito, ndipo Sewero la Sabata Ino linkapereka mpata kwa alembi. Mwana amene anakulira ku Biwi m'zaka zimenezo ankamva mitundu iwiri yonseyi pa wailesi imodzi, ndipo khutu lake linkasiyanitsa mawu owerengedwa ndi mawu obadwa pomwepo ngakhale panalibe womuphunzitsa.

Chaka chomwecho cha 1968 chinabweretsanso lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act. Apa ndi pamene nkhani ya pepala inalemera. Sewero loti lionetsedwe kwa anthu linkayenera kupita kaye ku Censorship Board litalembedwa, akuluakulu aliwerenge, adule zimene sakuzifuna, apereke chilolezo. Pepala linasanduka umboni. Mlembi ankadziwa kuti mzere uliwonse ungathe kudzawerengedwa pamaso pake ndi anthu amene sakuseka. Inali nthawi imene ayufi ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani, ndipo mphunzitsi wa payunivesite ngati Jack Mapanje anatsekeredwa mu 1987 n'kutuluka mu 1991 osaimapo pamaso pa woweruza. Akuluakulu ankakumbutsa ana kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

M'nyengo yotero kupeka pomwepo kunali ndi ntchito iwiri. Kunali luso, komanso kunali pobisalira. Zimene zadutsa kwa ofufuza zinkakhala zoyera, koma kakwezedwe ka nsidze, kuima pang'ono asanatchule liwu, mwambi woponyedwa pamalo amene sunalembedwe, zimenezi sizinkaoneka papepala. Sindikunena kuti wazisudzo aliyense wa nthawi imeneyo anali wotsutsa boma. Ambiri ankangofuna kuseketsa anthu ndi kupeza ya sopo. Koma oonerera anaphunzira kumvetsera zimene sizinanenedwe, ndipo ochita zisudzo anaphunzira kuwerenga nkhope za bwalo asanatulutse liwu lotsatira. Luso lowerenga bwaloli, limene lero timalisirira mwa ana a ku Area 23, mbali ina linakulira m'mantha.

Kusukulu njira inali ina. Mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ophunzira a m'sukulu ngati Bwaila ndi Likuni ankaloweza masewero a Chingerezi mzere ndi mzere, oweruza n'kumapereka malikisi pa katchulidwe ka mawu. Mumpikisano umenewu ndimo munatulukira Du Chisiza Jr, amene mu 1987 anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Iye ankalemba masewero ake, ankaphunzitsa gulu lake mwamphamvu, ndipo anaonetsa kuti munthu angathe kudya za zisudzo m'Malawi. Anamwalira mu 1999, ndipo Gertrude Kamkwatira, amene anakulira m'gulu lomwelo, anapitiriza njira ya sewero lolembedwa ndi gulu lake la Wanna-Do mpaka imfa yake mu 2006. Mbali inayo kunali gulu la Kwathu la ku Blantyre, lochita m'Chichewa, m'mene munatchukira John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo. Awiriwa ankadziwana mpaka wina akangopuma mnzake ankadziwa choti aponye. Anthu ambiri ankaganiza kuti sakonzekera. Koma kuti anthu awiri afike pomvana chotero, pamafunika zaka zoyendera limodzi, ndipo Izeki anali ndi khalidwe lokhazikika limene sankalisiya ngakhale nkhani ipotoke chotani. A Nyanga anatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021. Magulu onsewa akabwera ku Lilongwe, achinyamata a m'malokeshoni ankaonera, n'kubwerera kwawo kukayesa zawo m'makalasi a pulayimale ndi m'maholo a tchalitchi, ndipo ambiri anatengera njira ya Kwathu chifukwa sinkafuna taipi, mapepala kapena Chingerezi.

Kusintha kwakukulu kunachokera ku Zomba. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College linayamba ndi kutengera masewero okonzeratu kumadera. M'zaka za m'ma 1980, aphunzitsi ngati Christopher Kamlongera ndi David Kerr anatembenuza kachitidweko. Iwo ankadziwa zimene zinachitika ku Botswana, kumene ntchito ya Laedza Batanani inayamba mu 1974, ndi ku Zambia kumene kunali Chikwakwa Theatre, ndiponso maganizo a Augusto Boal wa ku Brazil, amene ankati woonerera ayenera kudzuka n'kulowa m'sewero. Mu 1981 anakachita msonkhano wa zisudzo ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, ndipo pakati pa zaka zomwezo anagwira ntchito ndi azaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde. Ophunzira ankafika m'mudzi opanda sewero. Ankayamba ndi kucheza pachitsime, pabwalo la mfumu, pamowa, kumva zimene zikuwawa anthu. Madzulo ankamanga msana wa nkhani kuchokera pa zimene amva, n'kutenga nyimbo za m'mudzi momwemo. Mawa lake sewero likafika pamene zinthu zathina, wosewera ankatembenukira kwa anthu n'kufunsa kuti titani. Yankho silinali papepala lililonse, ndipo seweroli linkapita kumene anthu alitengera.

Ndimaona kuti apa ndi pamene mkangano wa kukonzekera ndi kupeka unapeza yankho lake la Chimalawi. Anthuwa ankakonzekera kwambiri, mwina kuposa oloweza mizere, koma chimene ankakonzekera chinali china. Sankaloweza zoti anene. Ankaloweza mudzi: ndani ali ndi mawu, chitsime chinakwiririka liti, chifukwa chiyani anthu sakukumba zimbudzi pamene akudziwa bwino ubwino wake. Munthu wodziwa zimenezi, gogo wina akaimirira n'kunena zosayembekezeka, sagwedezeka.

Kalata ya maepiskopi ya mu March 1992, riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zinamasula malilime. Nthawi yomweyo Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, inali itayamba kudzaza manda. Mabungwe anafuna njira yofikira anthu amene sawerenga nyuzipepala, ndipo anaipeza m'zisudzo. Pa wailesi panabwera Zimachitika ya bungwe la Story Workshop, sewero lolembedwa mosamala, ndi Tikuferanji ya bungwe la ADRA, m'mene a Michael Usi anatchukira ngati Manganya, zaka zambiri asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. M'malokeshoni a Lilongwe magulu a achinyamata anaphuka paliponse: a patchalitchi, a pamzikiti, a pachipatala, a makalabu a Edzi Toto m'sukulu. Pabwalo la Masintha ku Kawale, pamisika, pazipatala zazing'ono za Kawale ndi Area 25 pamene amayi akudikira sikelo, sewero linakhala gawo la tsiku.

Koma pepala linabwerera, litavala malaya ena. Kale linkapita kwa ofufuza a boma. Tsopano linkachokera kwa wopereka ndalama. Gulu limaitanidwa, limapatsidwa mfundo zisanu zoti zimveke, limauzidwa kuti lili ndi mphindi makumi awiri mlendo wolemekezeka asanayankhule, ndipo alawansi imadikira kumapeto. Sewero lotero limaoneka ngati lopekedwa pomwepo, chifukwa mawu ake sanalembedwe, koma njira yake ndi yotsekeka kuposa ya sewero la Chingerezi la kusekondale. Wosewera amafunsa kuti, "Amayi inu mwabereka mwana apo, mukanakhala inu mukanatani?" Mayiyo akayankha zimene sizili pa mfundo zisanu zija, amamuthokoza, n'kufunsa wina, ndi winanso, mpaka apezeke wonena yankho limene linakonzedwa kuofesi. Anthu a m'lokeshoni si ana. Amazindikira msanga kuti funsolo silikufuna maganizo awo, ndipo amaphunzira kupereka yankho loyembekezeka kuti mwambo uthe. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa njira imene inapangidwa kuti anthu amveke imasanduka njira yowauza zochita mwaulemu.

Si onse anagwera m'dzenje limeneli. Bungwe la Theatre for a Change, limene linayamba ntchito m'Malawi mu 2007 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe, linamanga ntchito yake pa kulowetsa woonerera m'sewero. Nkhani imaseweredwa mpaka pamene mtsikana kapena mayi wagonja. Kenaka imayambidwanso, ndipo aliyense amene akuona kuti akanachita mwina amadzuka, amagwira wosewerayo paphewa, n'kulowa m'malo mwake. Pa pulogalamu yawo ya pawailesi ya Tisinthe, womvera amaimba foni n'kutenga mbaliyo ali kwawo. Ntchito yovuta kwambiri pamenepa ndi ya wosewera amene watsala, uja akuchita mbali ya mwamuna wankhanza kapena mphunzitsi wonyengerera mwana. Sayenera kugonja msanga kuti woonererayo asangalale, chifukwa kunyumba mwamuna weniweni sagonja msanga. Sayeneranso kuuma mpaka wolowayo achite manyazi pamaso pa anzake. Ayenera kudziwa munthu amene akumuseweretsayo mpaka m'mitsempha: amaopa chiyani, ndi mawu ati angamufewetse, ndi ati angamupsetse mtima. Zimenezi zimayeseredwa masiku ambiri, anzake akumuponyera mayankho osiyanasiyana, ngakhale palibe amene akudziwa yankho limene lidzachokere kubwalo.

Magulu abwino a m'malokeshoni, amene ambiri alibe ofesi kapena dzina lolembetsedwa, amachita chimodzimodzi m'njira yawo. Amagwirizana poyambira, amagwirizana pamene nkhani idzathine, amasankha nyimbo yosonkhanitsira anthu ndi ina yobwezera bwalo likasokonekera. Amasankhanso mmodzi wa maso akuthwa woti aziimitsa sewero ndi kuyankhula ndi anthu. Amakaonana ndi amfumu a m'deralo, chifukwa ngakhale m'tauni bwalo lili ndi eni ake. Amafufuza ngati m'mudzimo mwagwa maliro, kapena ngati nkhani imene akufuna kuchita inachitikadi panyumba ina yapafupi, kuopa kunyazitsa banja pagulu. Mathero okha ndiwo amawasiya otsegula. Chakudza sichiimba ng'oma: mvula ingagwe, woledzera angalowe pakati, mwana angalire, bambo wina angakwiye chifukwa waziona yekha m'seweromo. Gulu lodziwa anthu ake limatenga zonsezi n'kuzilowetsa m'nkhani.

Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Lilongwe anali mwa maboma okhudzidwa kwambiri, unaonetsa poyera kusiyana kwa njira ziwirizi. Uthenga unali wodziwika kwa aliyense: sambani m'manja, imwani madzi otetezedwa, thamangirani kuchipatala. Koma m'madera ngati Mgona, kumene mabanja angapo amagwiritsa chimbudzi chimodzi cha landilodi ndipo madzi amagulidwa pa ndowa kukiyosiki, funso la mayi wa pabwalo silikhala loti kolera imafala bwanji. Iye amafunsa kuti kukiyosiki madzi akasiya masiku awiri atunge kuti, ndipo chimbudzi chikadzadza landilodi n'kukana kukumba china, alendi atani. Gulu limene linangotenga mfundo papepala limabwereza za kusamba m'manja. Gulu limene linayenda kaye m'tinjira ta m'deralo limakhala litakonzeratu wina woti avale ulandilodi, limaitana mayiyo kuti alowe amuuze maso ndi maso, ndipo limakhala litapempha alangizi a zaumoyo ndi a komiti ya madzi kuti akhale pafupi, kuti funso likapitirira mphamvu ya sewero, apezeke woliyankha pamaso pa anthu onse.